Mwana akagwidwa ndi apolisi ku Thyolo kapena ku Mulanje: zimene lamulo limanena ndi pamene zinthu zimakhotera

Lamulo la dziko lino limanena mosapsatira kuti mwana sayenera kutsekeredwa m'ndende, mlandu wake ukule chotani. Ukawauza anthu zimenezi pamsika wa Bvumbwe kapena pa Chitakale, ambiri amapukusa mutu, ndipo sindiwadabwa. Pajatu ku Bvumbwe komweko kuli ndende imene tonse tinazolowera kuitchula kuti ndende ya ana. Nanga ngati lamulo likuletsa, ndendeyo ndi ya yani?

Ndende ya Bvumbwe ntchito yake ndi kusunga achinyamata olakwira malamulo padera, kuti asasakanikirane ndi akaidi achikulire. Koma ili m'manja mwa nthambi ya ndende, oiyang'anira ndi asilikali a ndende, ndipo wolowamo ndi mkaidi basi. Oyenera kukhalamo ndi anyamata amene akwanitsa zaka 18, osati ana. Mu June 2018 Khoti Lalikulu ku Blantyre, Justice Sylvester Kalembera ali pampando, linaunika nkhani za ana amene anapezeka ku Bvumbwe ndi ku Kachere ku Lilongwe, ndipo linalamula kuti achotsedwemo. Oyembekezera mlandu anayenera kupita ku nyumba zotetezera ana, ndipo amene mlandu unawapeza anayenera kupita ku malo osinthira khalidwe. Chigamulocho sichinabweretse lamulo latsopano. Chinangokumbutsa apolisi ndi mabwalo a milandu lamulo limene linali litagwira kale ntchito zaka zingapo.

Apa ndiye pagona nkhani. Malamulo abwino tili nawo. Chimene chimagwetsa ana athu ndi zimene zimachitika, kapena kulephera kuchitika, m'masiku awiri oyamba mwana akagwidwa, pamene kwawo akadali kufunsana kuti kodi mnyamata uja wagona kuti.

Kumene tinachokera

Kuyambira 1969 milandu ya ana inkayendera lamulo la Children and Young Persons Act. Lamulolo linkalola kuti mwana wopezeka ndi mlandu wakupha asungidwe kwa nthawi yosatchulidwa, mpaka tsiku limene mtsogoleri wa dziko adzafune kuti atuluke. Chitsanzo ndi Evance Moyo, amene anagwidwa mu 1997 ali ndi zaka 16, nasungidwa pamodzi ndi akaidi akuluakulu. Mu 2009 khoti lounika za malamulo aakulu a dziko linapeza kuti kumusakaniza ndi akuluakulu kunamuphwanyira ufulu, ndipo linalamula kuti amasulidwe. Anali atalowa ali mwana wa msinkhu wa sukulu, natuluka ali bambo woyandikira zaka 30.

Chonsecho malamulo aakulu a dziko a 1994, m'gawo 42, anali atanena kale kuti kutsekera mwana kukhale njira yomaliza zina zonse zitakanika, kukhale kwa nthawi yochepetsetsa, ndipo mwanayo asiyanitsidwe ndi akuluakulu. Malawi anali atavomerezanso mu 1991 pangano la United Nations la ufulu wa ana. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Child Care, Protection and Justice Act, limene linalowa m'malo mwa la 1969 lija, ndipo ndi limene likulamulira milandu ya ana lero.

Pa zaka pali malire atatu ofunika kuwasunga pamtima. Mwana wosakwana zaka 10 sangazengedwe mlandu ngakhale pang'ono. Wa zaka zoyambira 10 koma wosakwana 14 amatengedwa kuti sakanatha kuzindikira kulakwa kwake, pokhapokha boma litabweretsa umboni woti pa nthawiyo ankadziwa kuti chimene akuchita sichiyenera. Malire achitatu ndi amene anasokoneza anthu kwa nthawi yaitali. Lamulo la 2010 linkati mwana ndi munthu wosakwana zaka 16, zimene zinasiya anyamata ndi atsikana a zaka 16 ndi 17 pamphambano. Mu February 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo poti malamulo aakuluwo ndiwo ali pamwamba pa ena onse, lamulo lina lililonse liyenera kuwagonjera. Mnyamata wa zaka 17 wa ndevu zoyamba kumera, wokwanitsa kunyamula thumba la makala kutsika nalo phiri, pamaso pa lamulo ndi mwana.

Maola 48 oyamba

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 15 amene alonda a pa esiteti amugwira madzulo ali ndi kathumba ka makadamiya. Ndasankha chitsanzo chimenechi dala, chifukwa milandu ya ana m'maboma awiriwa imayenderana ndi mmene dera lathu lilili. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo ndi oposa 680,000 ku Mulanje, pamalo pamene gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'manja mwa maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo lero amalimamo tiyi ndi makadamiya. Mabanja ambiri amadalira kamunda kosakwanira kudyetsa nyumba chaka chonse. Nkhuni zili mu esiteti kapena m'nkhalango yotetezedwa ya phiri la Mulanje, kumene lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola minda ndi nyumba, nawonjezera ana osowa pogwira. Kunena izi si kuvomereza kuba ayi. Ndikungofuna kuti tikamakamba za "ana opalamula" tizidziwa ana amene tikuwanena.

Alonda aja, kapena apolisi akumudzi, alibe mphamvu yolanga. Kumumenya, kumumanga pamtengo, kumuyendetsa m'mudzi atasenza zimene wabazo, zonsezi ndi kulakwira lamulo. Chimene angachite ndi kumupereka kupolisi mwamsanga.

Akafika kupolisi, lamulo la 2010 limapereka malangizo omveka. Mwanayo auzidwe chifukwa chimene wagwidwira komanso ufulu wake, m'chilankhulo ndi m'mawu amene iye angamve. Asamenyedwe kapena kuopsezedwa. Asaikidwe m'chitokosi chimodzi ndi akuluakulu, ndipo atsikana asasakanizidwe ndi anyamata. Apatsidwe chakudya, ndipo ngati wavulala kapena akudwala aonedwe ndi achipatala. Kholo lake kapena womulera adziwitsidwe nthawi yomweyo, ndipo a ofesi ya zachisamaliro cha anthu adziwitsidwenso, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli ofesala amene ntchito yake ndi kufufuza za moyo wa mwanayo: zaka zake, kwawo, sukulu, amene akumulera, ndi chimene chamufikitsa pamenepa. Lipoti la ofesalayu ndilo limatsogolera majisitireti. Ngati mlandu ndi waung'ono, wapolisi ali ndi mphamvu yomuchenjeza mwanayo ndi kumubweza kwa makolo popanda kupita kukhoti. Ngati sizinatero, pasanathe maola 48 mwanayo aonekere kwa majisitireti pa kafukufuku woyambirira. Uku sikuzenga mlandu. Ndi kukhala pansi kuona ngati zaka zake zatsimikizika, ngati nkhaniyo ingathe popanda khoti, ndiponso kumene mwanayo akhale podikira.

Pa zonsezi, chimene chimagwa kawirikawiri ndi kupezeka kwa kholo. Wapolisi sangapereke mwana m'manja mwa munthu amene kulibe. Majisitireti sangathetse nkhani mwachiyanjano popanda wamkulu wovomereza. Koma taonani mmene mabanja athu alili. Bambo ali ku Mozambique kapena ku Johannesburg, mwinanso ukwati unatha n'kubwerera kwawo. Mayi amathyola tiyi, ndipo tsiku limene sanapite kumunda ndi tsiku lopanda malipiro. Agogo amene akulera mwanayo ali ku Thekerani kapena ku Masambanjati, alibe foni, alibe ya kabaza yofikira kumsewu. Ena amamva ndithu koma amaopa kuti akaonekera kupolisi nawonso atsekeredwa, kapena auzidwa kulipira ndalama zimene alibe. Enanso amakwiya, amvekere "amusunge konko aphunzire". Mawu amenewa amatuluka ndi mkwiyo wa tsiku limodzi, koma amatha kumuikitsa mwana m'chitokosi masabata.

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndipo lamulo silinena kuti abwere bambo kapena mayi womubereka yekha, limalola munthu wamkulu wina woyenera kuimira mwanayo. Kwa ife a Chilomwe ndi a Chimang'anja munthu ameneyu tili naye kale. Ndi malume, mwinimbumba, amene pa ukwati ndi pa maliro sasowa. Mwana wa mlongo wake akagona kupolisi, m'mawa mwake malumeyo ayenera kukhala atafika pakauntala. Ngati palibe, mphunzitsi, mkulu wa mpingo kapena nyakwawa angathe kuthandiza kuti papezeke wamkulu woimirira.

Nambala imene yalembedwa papepala

Chitetezo chonse ndafotokozachi chimadalira nambala imodzi: zaka zimene wapolisi walemba pa fomu tsiku loyamba. Zikalembedwa 18 m'malo mwa 16, mwanayo wachoka m'manja mwa lamulo la ana. Azengedwa ngati wamkulu, m'khoti la akuluakulu, ndipo ndende imulandira popanda wofunsa.

Zimachitika bwanji? Kulembetsa kubadwa kwa mwana kunakhala kokakamiza mu 2015, choncho ana ambiri obadwa chaka chimenecho chisanafike alibe chiphaso cha kubadwa. Chitupa cha unzika chimayambira zaka 16, ndipo si onse a msinkhu umenewo amene ali nacho. Ndiye zaka zimayezedwa ndi maso. Mwana wakumudzi amene wakula ndi khasu amaoneka wamkulu. Palinso chiyeso chimene sitiyenera kuchibisa: mlandu wa mwana uli ndi ntchito yambiri, kufunafuna makolo, kuitana a zachisamaliro, kupeza pomusunga padera, pamene wa munthu wamkulu umayenda mofulumira. Pamene antchito ndi ochepa ndipo galimoto ilibe mafuta, kulemba 18 kumafupikitsa zonse. Mwananso yekha, ali ndi mantha, amangovomera chimene wauzidwa. Mbali inayo ikuchitikanso, anthu a zaka 20 kudzichepetsa kuti apepukidwe, ndipo zimenezi zimachititsa apolisi kukayikira ngakhale mwana amene akunena zoona.

Lamulo limalola umboni wosiyanasiyana wa zaka, ndipo apa banja lili ndi mphamvu kuposa mmene limadziwira. Kabuku ka kusikelo kapena ka kuchipatala, kalata ya ubatizo, kaundula wa kusukulu kumene mwanayo analembetsa Sitandade 1, mawu a kholo kapena womulera, zonsezi zimawerengedwa. Zikasowa, dokotala amatha kupima ndi kupereka chiyerekezo, ngakhale kuti kupimako sikungatchule chaka chenicheni. Komiti ya United Nations yoona za ufulu wa ana inanena mu 2019 kuti pamene pali chikayiko, munthuyo atengedwe ngati mwana. Choncho wopita kupolisi asapite chimanjamanja. Kabuku kong'ambika kamene kakhala m'chikwama cha agogo zaka 15 kangakhale ndi phindu kwa mwanayo kuposa loya wobwera mochedwa. Ngati zaka zalembedwa molakwika, zinenedwe pamaso pa majisitireti tsiku loyamba lomwelo, chifukwa kuzikonza munthu atalowa kale m'ndende kumatenga miyezi.

Kupatutsa mlandu

Mtima wa lamulo la 2010 ndi woti milandu yambiri ya ana isafike pozengedwa n'komwe, ipatutsidwe. Kuti izi zitheke, mwana avomereze yekha kuti anachitadi, popanda kukakamizidwa. Pakhale umboni wokwanira woti boma likanatha kumuzenga. Iye ndi womuimira avomereze njirayi. Ndipo mlanduwo usakhale m'gulu la milandu ikuluikulu monga kupha munthu kapena kugwiririra.

Zikatero, mwanayo amapatsidwa zoti achite. Angapepese kwa amene anamulakwira, pakamwa kapena polemba. Angabweze chimene anatenga kapena mtengo wake. Angalamulidwe kubwerera kusukulu ndi kusajomba, kuonekera kwa ofesala wa zachisamaliro nthawi zoikika, kulandira uphungu, kuleka kuyenda ndi gulu linalake, kapena kugwira ntchito yothandiza dera kwa maola owerengeka. Mabanja awiriwo angakhalenso pansi pamodzi ndi mkhalapakati. Akakwaniritsa, nkhani yatha, ndipo sakhala ndi mbiri ya mlandu yomutsatira akamadzafuna ntchito. Akalephera, mlandu ungabwerere kukhoti.

Njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Mabwalo a mafumu akhala akuweruza motero kuyambira kale: wolakwa avomere, alipe, anthu apitirize kukhalira limodzi. Kusiyana kwake ndi koti lamulo limaika malire, ndipo malirewo ndi ofunika. Mwana asavomere mlandu umene sanapalamule pongofuna kukagona kwawo usiku umenewo, ndiye chifukwa chake wamkulu wake ayenera kukhalapo pamene akufunsidwa. Ntchito imene wapatsidwa isakhale yomuchotsa ulemu, isamulepheretse sukulu, ndipo isasanduke ganyu yaulere m'munda mwa munthu waudindo. Malipiro asakhale oti banja losauka ligulitse kamunda kake.

Tsono pali mayi wogulitsa tomato ndi kabichi pa Bvumbwe, amene mpamba wake wonse wabedwa, kenako mawa lake n'kumuona mnyamata amene wamuberayo akudutsa pamsika. Mayiyu akanena kuti apolisi adya ndalama, tisafulumire kumudzudzula. Palibe anamufotokozera. Ndipo mkwiyo wotere ukachuluka, anthu amasiya kupita kupolisi n'kuyamba kumenya okha wogwidwa, zimene zapha anthu m'dziko muno. Kupatutsa mlandu kumene kwamusiya panja wolakwiridwa ndi kolakwika, ndipo kumawononga dzina la njira yonseyi. Mayiyo aitanidwe, amve mwanayo akuvomera pamaso pa akwawo, agwirizane za kabwezedwe, adziwenso kumene angakadandaule lonjezo likapanda kusungidwa. Ndi bwino kukumbukiranso kuti mnyamatayo akatsekeredwa miyezi 6, mayiyo salandira ngakhale tambala, ndipo pakutha pa miyeziyo mnyamata yemweyo abwerera pamsika womwewo.

Mlandu ukafika kukhoti

Milandu imene singapatutsidwe imapita kubwalo la milandu ya ana. Bwaloli limayenera kuyenda mosiyana ndi makhoti ena. Anthu wamba saloledwa kudzaonerera, atolankhani saloledwa kutchula dzina la mwanayo kapena kuonetsa nkhope yake, mikanjo ya kukhoti ndi yunifolomu zimapewedwa, ndipo mawu ovuta a zamalamulo amasiyidwa kuti mwana amve zimene zikukambidwa za iye. Kholo ndi ofesala wa zachisamaliro amakhalapo. Mwana ali ndi ufulu wokhala ndi loya, ndipo amene sangakwanitse angapemphe ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma imene inayamba kugwira ntchito mu 2015. Pomaliza khoti silinena kuti mwana wamangidwa. Limapeza ngati ali ndi udindo pa zimene zinachitika, kenako limalamula chimene chingamuwongole.

Zoteteza dzina la mwana zija zikutikhudza tonse masiku ano. Kujambula mwana wogwidwa n'kumutumiza m'magulu a WhatsApp kapena pa Facebook kumachita chimene lamulo linaletsa atolankhani, ndipo chithunzicho sichifufutika.

Wina angafunse: nanga mwana amene wapha, kapena wagwiririra kamtsikana? Lamulo silimubweza kumudzi ngati palibe chachitika. Amazengedwa, ndipo akapezeka kuti anachitadi amatumizidwa ku malo osinthira khalidwe, kumene samatuluka mwakufuna kwake. Nthawi zambiri wolakwiridwayo amakhalanso mwana, ndipo chitetezo chake chimayenera kuyamba. Pa milandu yogonana, lamulo linasinthidwa mu 2023 kuti lisiyanitse wamkulu wogona ndi mwana ndi ana awiri a msinkhu woyandikana amene anagwirizana, ngati kusiyana kwa zaka zawo sikupitirira ziwiri. Makolo ambiri sanamvebe za kusinthaku.

Malo osinthira khalidwe a boma odziwika ndi awiri, Mpemba ku Blantyre ndi Chilwa ku Zomba. Ali pansi pa unduna woona za ana, osati nthambi ya ndende, ndipo cholinga chake ndi sukulu, luso la manja ndi uphungu. Pali bungwe la Child Case Review Board, lotsogozedwa ndi jaji wa Khoti Lalikulu, limene ntchito yake ndi kuyendera malo osungirako ana, kuunika nkhani ya mwana aliyense ndi kuona ngati wafika poti abwerere kwawo. Bungweli likachedwa kukumana, mwana amene anasintha kale amangokhala.

Malo awiri, onse m'chigawo cha kummwera, kutumikira dziko limene pafupifupi theka la anthu ake ndi osakwana zaka 18. Nyumba zotetezera ana oyembekezera mlandu, zimene lamulo limadalira kwambiri, ndi zochepa zedi. Ndiye ganizirani wapolisi wa ku Muloza kapena ku Luchenza amene wagwira mwana Lachisanu madzulo. Lamulo likumuuza kuti asamusakanize ndi akuluakulu, koma chipinda chapadera palibe. Likumuuza kuti amupititse ku nyumba yotetezera, koma ili kutali ndipo mafuta palibe. Sindikumuchotsera udindo wapolisiyo, koma amene analemba lamulo osaika ndalama zoliyendetsera ali ndi gawo lalikulu la mlanduwu.

Chimene chitokosi ndi ndende zimachita kwa mwana

Mu 2009, pa mlandu umene mkaidi Gable Masangano anasumira boma, khoti linapeza kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu pamodzi ndi kusowa mpweya wabwino ndi nkhanza zosayenera munthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Mpaka lero ndende zikusunga anthu ochuluka kupitirira mlingo wake. Mmenemo chakudya nthawi zambiri ndi kamodzi patsiku, mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo. Mphere ndi chifuwa chachikulu zimafala msanga. Pogona pabwino ndi chakudya choonjezera zili m'manja mwa amphamvu, ndipo mwana wanjala, wopanda womuyendera, ndi amene amagwa m'manja mwa akuluakulu omudyera masuku pamutu, ngakhale kumugwiririra kumene. Akatuluka sanena, chifukwa cha manyazi.

Palinso sukulu. Mwana wa Sitandade 8 amene wakhala pa rimandi miyezi itatu mayeso ali pafupi, kawirikawiri sabwereranso m'kalasi. Amene analowa atatenga makadamiya amatuluka atadziwana ndi othyola nyumba, atamva njira zawo, ndipo kumudzi akumutchula kale kuti mkaidi. Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Ubongo wa munthu wa zaka 15 ukadali kukula, makamaka mbali yoletsa phuma ndi yoganizira za mawa, n'chifukwa chake amatengeka msanga ndi anzake, n'chifukwa chakenso amawongoka msanga akapeza womugwira dzanja. Ambiri amene amapalamula paunyamata amasiya okha akamakula. Kutsekera kumadula njira imeneyi.

Amene akumenyera nkhondo anawa

Ntchito yambiri yotulutsa ana m'zitokosi yagwiridwa ndi maparaligo, anthu ophunzitsidwa zamalamulo koma osakhala maloya. Ntchito yawo inayamba mu 2000 ndipo lero ikuyendetsedwa ndi bungwe la Paralegal Advisory Service Institute. Iwo amalowa m'mapolisi ndi m'ndende, kufunsa amene akuoneka ana, kusaka makolo awo kumidzi, ndi kukumbutsa khoti za mafayilo oiwalika. Amathandizanso kukonza zoti majisitireti akakhale kundende komweko n'kuunika nkhani za amene akhalitsa pa rimandi. Bungwe loona za ufulu wa anthu la CHREAA ku Blantyre, mogwirizana ndi Southern Africa Litigation Centre, lakhala likutengera nkhani zotere kukhoti. Mabungwe awiriwa anathandiza pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anagwidwa m'bandakucha akupita kumsika ku Limbe, ndipo mu January 2017 Khoti Lalikulu linathetsa gawo la lamulo la vakabu limene apolisi ankagwirira anthu pongowakayikira. Chigamulocho chinapindulira kwambiri ana a m'misewu ndi achinyamata ochita geni. Ku Lilongwe kuli pulogalamu ya Mwai Wosinthika, imene imaphunzitsa ana opatutsidwa milandu kudziletsa ndi kusankha bwino. Malawi Human Rights Commission imalandira madandaulo, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani iliyonse yokhudza mwana.

Koma mabungwe amabwera ndi ndalama za othandiza, ndipo ndalamazo zikatha ntchito imaima. Zimene zingakhalitse ndi zimene boma lenilenilo lingachite. Kwa ine choyamba ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya pa boma. Lamulo lonse la ana lakhazikika pa ofesala amene ayenera kufika kupolisi, kufika kumudzi, kulemba lipoti ndi kukhala m'khoti, zonse m'maola ochepa. Maofesala oterewa ndi ochepa, ndipo m'boma la mapiri ngati Thyolo, wopanda njinga yamoto ndi mafuta sangafike. Khansala ndi phungu akamakamba bajeti ya khonsolo, afunsidwe kuti ofesiyi yapatsidwa zingati. Pambuyo pake pakufunika malo otetezeka m'boma lililonse, ngakhale nyumba yaing'ono ya zipinda zochepa, kapena mabanja osankhidwa ndi kuphunzitsidwa amene angasunge mwana masiku awiri atatu. Mipingo yathu, imene inamanga sukulu ndi zipatala m'maboma ano, ingathe kugwirapo ntchito imeneyi mogwirizana ndi boma.

Zaka 10 monga poyambira kuzengedwa mlandu ndi zochepa kwambiri. Komiti ya United Nations ija inalimbikitsa maiko kuti malire asachepere zaka 14, ndipo ndikugwirizana nazo. Mwana wa Sitandade 4 amene waba amafunika kufufuzidwa kuti kwawo kukuchitika chiyani, ndipo kawirikawiri kumbuyo kwake kumapezeka njala, nkhanza, kapena wamkulu amene akumutuma. Wamkulu ameneyo, wogula makadamiya akuba kapena mwini uvuni wa makala amene amalemba ana ganyu yonyamula, ndi amene lamulo liyenera kumulondola.

Gawo limene limaiwalika kwambiri ndi tsiku lobwerera. Mwana wochokera ku Mpemba kapena ku Chilwa amafika kumudzi kumene wolakwiridwa akadali ndi chilonda, anzake apita patsogolo ndi makalasi awiri, ndipo chilichonse chikasowa maso onse amaloza iye. Asanafike, ofesala wa zachisamaliro, mwinimbumba ndi nyakwawa ayenera kukhala atakambirana kumene akakhale ndi amene azimuyang'anira, atalankhulanso ndi banja lolakwiridwa. Mphunzitsi wamkulu amulandire popanda kulengeza pa asembule kumene anali. Amene anaphunzira ukalipentala kapena utelala apezeredwe mmisiri wa pa Luchenza, Limbuli kapena Goliati woti amutenge ngati wothandizira, chifukwa zipangizo zoyambira yekha sadzakhala nazo.